Munda wachitsanzo ndi makiyi a nkhokwe: mmene ntchito ya bwana woona zatsopano ikusinthira m'makampani akuluakulu

Pa chinkhoswe china ku Bembeke, nkhuku zitagawidwa kale, mkulu wina wa kuchimuna anatembenukira mnyamata wa suti amene anafika pa galimoto kuchokera ku Lilongwe, namufunsa ntchito imene amagwira. Mnyamatayo anayankha mwaulemu kuti pakampani pawo iye ali mu ofesi yoona zatsopano. Mkuluyo anayamba wakhala chete, kenaka anati: "Zatsopanozo mumaziona zikuchokera kuti, mwana wanga? Nanga mukaziona, mumatani nazo?" Tonse tinaseka. Mwini wake yekha anangomwetulira pang'ono, chifukwa funso lachiwirilo ndi lomwe lakhala likuwasowetsa tulo eni makampani akuluakulu kwa zaka zoposa 50, ndipo ndi limene likusintha ntchito ya bwana wake masiku ano.

Bwanayo pa Chingerezi amamutcha Chief Innovation Officer. Amakhala m'gulu la akuluakulu ochepa amene ali pansi pa mkulu wa kampani yonse, limodzi ndi woona zachuma, woona za antchito ndi woona zamalonda. Anzakewo ntchito zawo n'zosavuta kufotokozera ngakhale agogo. Yake ndi yoonetsetsa kuti kampani idzakhale ndi chogulitsa tsiku limene katundu amene ikudyera lero adzasiye kuyenda malonda. Si mmodzi ndi mkulu woyang'anira makompyuta a pakampani, ngakhale kuti masiku ano maudindo awiriwa akulowana malire ngati minda ya pachibale.

Poyamba kunali mpanda

Kale munthu ameneyu anali wasayansi. Thomas Edison anatsegula malo ake a kafukufuku ku Menlo Park mu 1876, kampani ya General Electric inatsegula ake mu 1900, ndipo Bell Labs inayamba mu 1925. Nzeru yake inali yachidule: sonkhanitsani anthu ophunzira kwambiri, muwamangire mpanda, muwapatse ndalama, musawasokoneze. Ndipo zinkatheka. Ku Bell Labs n'kumene mu 1947 anatulukira transistor, kachipangizo kamene lero kali m'foni iliyonse ndi m'wailesi iliyonse yolira pamsika wa Lizulu. Mkulu wa malo oterowo ankatamandidwa poona kuchuluka kwa zimene anthu ake atulukira. Zoti kampani yagulitsapo zingati inali nkhani ya ofesi ina.

Amene anakulira pafupi ndi malo a kafukufuku wa zaulimi, kaya pa Bembeke pomwepo kaya ku Chitedze, akudziwa kuti mbewu kubereka mkati mwa mpanda ndi nkhani ina, kufika m'munda wa munthu wa kutsidya kwa msewu ndi nkhani inanso. Makampani anaphunzira zimenezi ndi misozi.

Mu 1975 injiniya wachinyamata wa kampani ya Kodak, Steven Sasson, anapanga kamera yosafuna filimu. Inkalemera makilogalamu oposa atatu ndi theka, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi, chopanda mtundu, pa tepi ya kaseti. Inali yonyansa maonekedwe, koma inali kholo la kamera ya m'foni mwanu. Kodak nthawi imeneyo inkadyera filimu, mankhwala otsukira zithunzi ndi mapepala ake. Akuluakulu a ku Ntcheu akukumbukira ajambuli oyenda pa njinga, amene ankatola zithunzi lero n'kudzabwera nazo patapita masabata, filimu itadzaza n'kukatsukidwa kutauni. Pa chithunzi chilichonse cha filimu yake Kodak inkadyapo. Mu Januwale 2012 kampaniyo inapita kukhoti kukavomera kuti ngongole zayikulira. Anthu amakonda kunena kuti inagona tulo, koma si zoona kwenikweni. Inapanga makamera a digito ambiri ndithu, inawagulitsanso. Vuto linali lakuti phindu la pa kamera yoteroyo linali kachidutswa poyerekeza ndi la filimu, ndipo aliyense wa mphamvu m'kampanimo anakwera udindo chifukwa cha filimu.

Xerox, kampani ya makina a fotokope, nayo inatsegula malo a kafukufuku ku Palo Alto mu 1970. Akatswiri ake anapanga kompyuta yokhala ndi zithunzi pagalasi, yoyendetsedwa ndi kachipangizo kamene Azungu amati mouse, kutanthauza mbewa, osati zija zotungidwa pa kamtengo m'mbali mwa M1. Steve Jobs wa kampani ya Apple anakacheza kumeneko mu 1979, anaona, ndipo mu 1984 Apple inatulutsa kompyuta yotero, Macintosh. Amene analima anali Xerox, amene anakolola anali mlendo.

Amene ali ndi makiyi

Apa ndipo pali mtima wa nkhani yonse, ndiye tiyeni tikhalepo pang'ono.

Mlimi wa mbatata ya kachewere ku Tsangano akakumba, mavenda amafika ndi malole mpaka kumunda, ndalama zili m'manja. Fizi ikudikira, ngongole ya feteleza ikudikira. Thumba lililonse limene asiye kuti likhale mbewu ndi ndalama imene wakana lero chifukwa cha chaka chimene sanachione. Pabanja, mwana wophunzira akhoza kulangiza mmene angathere kuti tisiye matumba mwakuti, tiyeseko mtundu wina kudimba, koma mawu omaliza ndi a amene amasunga makiyi a nkhokwe.

M'kampani yaikulu makiyiwo ali ndi mabwana a nthambi zimene zikubweretsa ndalama panopa. Iwo amalandira bonasi malinga ndi phindu la chaka chino. Eni masheya amafuna malipoti pakatha miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse. Chinthu chatsopano chimayamba chaching'ono, chosakoma, chogulidwa ndi anthu osauka kapena ochepa, ndipo kawirikawiri chikakula chimadya malonda a chinthu chakale cha kampani yomweyo. Tsono bwana wa nthambi akakana kupereka anthu ake abwino ndi ndalama zake ku ntchito yatsopanoyo, sikuti ndi wopusa. Akuchita zimene anamulembera ntchito. Fodya ndi uyu ali pamphuno. Mphunzitsi wa ku Harvard, Clayton Christensen, anatchuka mu 1997 pofotokoza zomwezi: kuti makampani oyendetsedwa bwino, omvera makasitomala awo akuluakulu, ndi amene amagwa m'mbuna imeneyi, chifukwa cha kumvera komweko.

Udindo wa bwana woona zatsopano unabadwa ngati yankho la vutoli. Anati tiyeni tiike munthu patebulo la akuluakulu amene ntchito yake ndi kulankhulira mbewu. Kuganiza kunali kwabwino. Koma makampani ambiri anamupatsa mpando popanda makiyi: dzina lalikulu, ofesi yokongola, anthu khumi, ndi bajeti yopemphetsa chaka ndi chaka kwa anthu omwe aja amene akuopa kuti chatsopanocho chiwalanda nsima.

Kuchoka mu mpanda kupita kumsika

Cha m'ma 2000 ntchitoyi inatembenuka koyamba. A.G. Lafley atakhala mkulu wa Procter & Gamble, kampani ya sopo ndi zina za m'nyumba, mu 2000, anaika cholinga chakuti theka la zinthu zatsopano za kampaniyo lizichokera kunja kwa mpanda wake, kwa makampani ang'onoang'ono, masukulu aukachenjede ndi anthu ongotulukira zinthu paokha. Woona zatsopano anasiya kukhala wasayansi wamkulu, nakhala ngati nkhoswe: wofufuza kumene kuli mbeta, wokambirana, wolumikiza mabanja awiri osadziwana.

Nkhani ya M-Pesa ya ku Kenya ndi ya nthawi imeneyi, ndipo ikutikhudza tonse amene timatumiza ndalama kumudzi pa foni. Ganizo linachokera kwa Nick Hughes wa kampani ya Vodafone, ndipo gawo la ndalama zoyesera linachokera ku boma la Britain, osati ku nthambi za kampani zokha. Atayamba kuyesa mu 2005, cholinga chinali chakuti anthu azibwezera pa foni ngongole za bungwe lobwereketsa ndalama zing'onozing'ono. Oyesawo anaona kuti anthu akugwiritsa ntchito njirayo mwa iwo okha, kutumizirana ndalama ndi kulipirana pa malonda. Anasiya zimene anakonza, natsata zimene anthu ankachita, ndipo Safaricom, kampani ya mafoni ya ku Kenya yogwirizana ndi Vodafone, inakhazikitsa M-Pesa mu Malichi 2007. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti mkulu wa Safaricom, Michael Joseph, anaikapo dzina lake ndi ndalama za kampani kuti maejenti afalikire dziko lonse. Luso la pa foni likanakhala lokha, popanda kanyumba ka ejenti pa sitolo iliyonse, bwenzi lero tikulitchula pamodzi ndi kamera ya Sasson.

Zaka za minda ya pamsewu

Kenaka kunabwera zaka za m'ma 2010, pamene ndalama zinali zotchipa. Chuma cha dziko lapansi chitagwedezeka mu 2008, mabanki aakulu a ku America ndi ku Ulaya anatsitsa chiwongoladzanja pafupifupi kufika pa ziro, ndipo chinakhala chotsika zaka zambiri. Nthawi yomweyo aliyense anali ataona zimene iPhone, imene inatuluka mu 2007, inachita kwa Nokia, mfumu ya mafoni imene inamaliza n'kugulitsa nthambi yake ya mafoni kwa Microsoft mu 2014. Mantha ndi ndalama zotchipa zikakumana, anthu amamanga. Mabanki, makampani a inshuwalansi, a zakumwa, a masitolo, aliyense anatsegula kanyumba kake ka zatsopano, kokhala ndi mipando yamitundumitundu ndi timapepala tomata pakhoma.

Inu amene mumayenda pakati pa Dedza ndi Ntcheu nthawi ya dzinja mumaidziwa minda yachitsanzo ya m'mbali mwa msewu, chimanga chobiriwira bii, chikwangwani cha kampani ya mbewu chili poyera. Pa tsiku lachionetsero kumabwera alendo, amayi amavina, zithunzi zimajambulidwa. Mukalowa mkati mwa mudzi mita mazana awiri okha, mupeza chimanga chachikasu chofika m'chiuno. Munda wachitsanzo si bodza, koma umadyetsedwa feteleza amene munda weniweni sudzamuona. Tinyumba tambiri ta zatsopano tinali totero, ndipo ntchito ya bwana wake inasanduka yolandira alendo.

Ngakhale amene anachita mwakhama sizinawayendere onse. Google inayambitsa nthambi yotchedwa X cha m'ma 2010 kuti iziyesa zinthu zooneka zosatheka. Kumeneko kunachokera magalimoto odziyendetsa okha a Waymo, komanso kunachokera Loon, zibaluni zouluka pafupifupi makilomita 20 m'mwamba kuti zizigawa intaneti kumidzi. Mu 2020 zinayamba kugwira ntchito ku Kenya mogwirizana ndi Telkom Kenya. Mu Januwale 2021 zinatsekedwa, eni ake atavomera kuti alephera kutsitsa mtengo kufika poti n'kukhala bizinesi. General Electric, motsogozedwa ndi Jeff Immelt, inakhazikitsa GE Digital mu 2015 n'kulengeza kuti pofika 2020 idzakhala m'gulu la makampani 10 akuluakulu a mapulogalamu a kompyuta. Immelt anachoka mu 2017, malotowo anafota, ndipo pofika Epulo 2024 kampani yakaleyo inali itagawidwa patatu.

Mu 2022 mitengo ya zinthu itakwera padziko lonse, chiwongoladzanja cha ku America chinanyamuka kuchoka pafupi ndi ziro n'kudutsa 5 peresenti mu 2023. Woona zachuma anayamba kufunsa funso la mkulu wa ku Bembeke lija. Space10, malo a zatsopano amene ankagwira ntchito ndi kampani ya mipando ya IKEA ku Copenhagen, anatsekedwa mu 2023. Walmart, kampani ya masitolo akuluakulu ya ku America, inatseka yake, Store No. 8, kumayambiriro kwa 2024.

Zimene akufunsidwa lero

Amene atsala pa udindowu ntchito yawo yasintha fungo. Kale ankawerengera bodi ya kampani kuchuluka kwa maganizo amene antchito apereka ndi zinthu zimene zayesedwa. Lero bodi ikufuna kumva kuti pa ndalama zonse zimene kampani yapeza chaka chino, zingati zachokera ku zinthu zimene kunalibe zaka zitatu kapena zisanu zapitazo. Funso limeneli silingayankhidwe uli mu kanyumba ka mipando yamitundumitundu. Limamukakamiza kulowa m'fakitale, kukangana ndi ogula zipangizo, kukhala pansi ndi ogulitsa, kuti chinthu chichoke pa anthu 500 oyesera chifike pa anthu miliyoni. Kwa ine kusintha kwakukulu n'kumeneku. Mlangizi wachoka pa munda wachitsanzo, wapatsidwa khasu, ndipo adzayesedwa ndi zimene zilowe m'nkhokwe.

Ntchito ina imene yamugwera ndi yosasangalatsa: kupha. Kampani yaikulu imadzala ndi timapulojekiti tosafa komanso tosakula, tili ndi mwini wake aliyense amene amatiteteza. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Mu 2020 Coca-Cola inalengeza kuti isiya pafupifupi theka la mitundu ya zakumwa zake, mayina ngati 200, kuphatikizapo Tab amene anakhalapo kuyambira m'ma 1960. Kudziwa chozula n'kupatulira ena malo tsopano kukuwerengedwa ngati luso lofanana ndi kudziwa chodzala.

Ndiye pali AI, makina ophunzitsidwa kulemba, kuyankha ndi kulosera potengera zimene anawadyetsa. ChatGPT itatuluka mu Novembala 2022, mabodi a makampani anadzidzimuka ngati mmene anachitira ndi iPhone, ndipo kunabadwa mpando wina, wa mkulu woona za AI. Ngakhale boma la America mu Malichi 2024 linalamula nthambi zake kuti zisankhe munthu wotere. M'makampani ena woona zatsopano ndiye wapatsidwa chipewa chimenechi. Mwa ena chaperekedwa kwa wa makompyuta, iye n'kutsala akuyang'ana. Komanso zabwera ndi malamulo: la AI la mayiko a European Union linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2024, ndipo kuno kwathu lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta linabwera chaka chomwecho. Munthu amene kale ankanyadira kuti iye sayendera malamulo a kampani tsopano amathera theka la sabata ndi maloya.

Mayina a maudindo musawakhulupirire kwambiri. Amasintha ngati mayina a magolosale. Coca-Cola yomweyo inathetsa udindo wa mkulu wotsatsa malonda mu 2017, n'kuika wa mkulu woona za kukula kwa bizinesi, kenaka mu 2019 n'kubwezeretsa wakale uja. Pali woona za digito, woona za kusintha kwa kampani, woona za mapulani, ndipo onsewa akudya m'mbale imodzi ndi woona zatsopano.

Pali ena amene amati mpandowu ungochotsedwa, chifukwa ukakhalapo ena onse amasamba m'manja: zatsopano n'za uje. Ali ndi mfundo. Fujifilm, mnzake wa Kodak wa ku Japan, inakumana ndi chilala chomwecho cha filimu, koma mkulu wake Shigetaka Komori anatenga nzeru za mankhwala a filimu n'kuzilowetsa ku zipangizo zachipatala ndi mafuta odzola, nadula antchito zikwizikwi m'nthambi yakale. Satya Nadella atatenga Microsoft mu 2014 anachotsa Windows pampando wachifumu n'kuikapo malonda obwereketsa makompyuta kudzera pa intaneti. Onsewa anali eni makiyi. Palibe wachiwiri kapena wachitatu amene akanatha kulamula zimenezo. Komabe sindigwirizana nawo mpaka kumapeto. Mfumu ili ndi milandu yambiri, maliro, alendo, malire a minda. Popanda nduna imene ntchito yake ndi kukumbutsa za mbewu tsiku ndi tsiku, nkhaniyo imadzakumbukika mvula itagwa kale. Kungoti nduna imalemera ndi khutu la mfumu. Imene imalankhula kudzera mwa anthu atatu isanafike kubwalo ndi mlendo wolemekezeka chabe.

Nanga kuno kwathu?

Makampani athu akuluakulu ndi owerengeka, ndipo ambiri ali pa msika wa masheya wa ku Blantyre: Press Corporation, National Bank, TNM, Illovo, ndi Airtel Malawi imene inalowapo mu 2020. Ena mwa iwo ndi ana a makampani akunja. Illovo ili pansi pa Associated British Foods, Standard Bank likulu lake lili ku Johannesburg. Zikatero, zinthu zambiri zatsopano zimaganiziridwa kutali, ndipo wa kuno ntchito yake imakhala yosoka malaya obwera kale kuti akwane thupi la Mmalawi. Musaipeputse ntchito imeneyo. Airtel Money inafika mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi M-Pesa itayamba. Palibe chimene anatulukira chachilendo. Koma mayi wogulitsa kabichi pa Lizulu amalandira ndalama kuchokera kwa wogula wa ku Limbe pa kafoni ka mabatani, pongoimba *211# kapena *444#, popanda intaneti, ndipo amakatapa kwa ejenti amene ali pamtunda wosakwana kuponya mwala. Kuti zimenezo zitheke panafunika wina wokambirana ndi Reserve Bank, wowerengera kuti ejenti azipeza zingati kuti asatseke kanyumba, woonetsetsa kuti ejentiyo ali ndi ndalama zokwanira pa tsiku la msika. National Bank nayo inatsata njira yomweyo ya kafoni ka mabatani ndi Mo626.

Zotchinga zathu n'zosiyananso ndi za ku London. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ndalama zakunja zimasowa. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Pa malo otere, chatsopano chenicheni nthawi zambiri sichikhala chonyezimira. Chimakhala kupeza mmene fakitale ingagwiritsire ntchito soya, chinangwa kapena mbatata ya alimi a konkuno m'malo mwa zipangizo zolipira ndi madola, kapena mmene makina angayendere magetsi akazima. Ethanol amene amapangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa kuchokera ku zotsalira za nzimbe n'kusakanizidwa ndi petulo ndi chitsanzo chakale cha nzeru yotere, ndipo inayamba dzina la Chief Innovation Officer lisanamveke n'komwe. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, amalankhula zambiri za mafakitale ndi ulimi wa malonda. Koma malole a kachewere akunyamukabe pa Tsangano ali ndi mbatata yaiwisi, pamene m'mashelefu a masitolo a m'tauni muli tchipisi ta m'mapaketi tochokera kunja.

Madzulo a chinkhoswe chija, anthu atayamba kubalalika, ndinamupeza mnyamata uja ataima pafupi ndi galimoto yake, jekete litamangidwa mabatani onse chifukwa cha kuzizira kwa ku Dedza. Ndinamufunsa zinthu zitatu: ngati bwana wake amalowa yekha mu ofesi ya mkulu wa kampani, ngati ali ndi bajeti yakeyake, ndiponso ngati anayamba waimitsapo ntchito ya bwana mnzake. Loyamba anati inde, lachiwiri anati pang'ono. Pa lachitatu anaseka, nandiuza kuti makina amene gulu lawo linayesa n'kupambana akhala miyezi isanu ndi itatu akudikira madola, chifukwa nthawi iliyonse ndalama zakunja zikapezeka, zimayamba zapita ku nthambi imene imalipira malipiro a onse, kuphatikizapo ake.